Masiku Khumi ndi Awiri a Apongozi Anga

Ulendo wa ku Kabwe sunali wanga. Woyenera kupita anali mkazi wanga Ireen, poti odwalawo anali atate ake, koma iye anali ndi khanda la milungu itatu, ndipo alongo ake awiri a ku Chipata mafoni awo anadwala tsiku limodzi. Choncho katundu anagwera ine mkamwini, munthu amene kwa zaka zisanu ndi zinayi ndinkapatuka m'njira ndikaona apongozi akubwera, ndipo sindinadyepo nawo mbale imodzi.

Vuto la apongozi linali mowa. Anabadwira ku Kabwe komweko, ku Kasanda, atate awo akugwira ntchito mumgodi. Iwo anagwira ya njanji mpaka tsiku limene anawachotsa, n'kubwerera kumudzi kuno ku Katete ndi kachikwama kamodzi ndi ludzu losatha. Mwezi wa Okutobala chaka cha ulendowu anasanza magazi pakhomo pathu. Kuchipatala dokotala sanapite m'mbali: chiwindi chatsala pang'ono, akamwanso tiyambe kufuna matabwa. Kumudzi kunalibe kowabisa, chifukwa kachasu amatchezedwa kuseri kwa nyumba zitatu zoyandikana ndi yawo. Ndiye mlongo wawo wa ku Chowa mu Kabwe, mayi Tembo, anaimba foni kuti ku Kabwe kuli gulu la anthu amene anasiya mowa, amakumana Loweruka lililonse nthawi ya folotini, 2 koloko masana, amathandizana okhaokha, ndipo munthu wina amene ankagona m'ngalande tsopano amayenda atavala taye. Anati abwere adzakhale kwa iwo, koma afike ali ouma.

Potsazikana, Ireen anandigwira malaya, mwana ali kubere. "Muwafikitse osamwa," anatero. "China chilichonse ndidzakukhululukirani."

Tinakwera basi pa Katete Lachisanu m'mawa, tsiku lakhumi ndi limodzi chimwereni apongozi komaliza. Masikuwo ndinkawawerenga ndine, iwo sankanena kanthu. Poyamba ndinachonderera kondakitala kuti atipatse mipando yotalikirana monga mwa ulemu, kenako ndinakumbukira chimene ndinakwerera basiyo, n'kumuchondereranso kuti atiike pamodzi. Anandiyang'ana ngati wamisala. Apongozi anakhala kuwindo, ine cha kunjira, ndipo pa bampu iliyonse mawondo athu ankagundana, aliyense n'kuthawitsa lake.

Pa Sinda panalibe chovuta. Pa Petauke ndi pamene ndinaona kuti ndalakwitsa. Basi itangoima, ogulitsa anaunjikana m'mawindo ndi mazira owiritsa, chinangwa, madzi, ndipo pansi pa madziwo panali tibotolo tija timene munthu amatha kubisa m'dzanja. Ndalama zonse zinali m'thumba mwanga, koma ndikudziwa anthu amene anasinthanitsapo chipewa ndi kabotolo. Ndinawauza apongozi kuti dzuwa lawomba mbali yawo, ndi bwino tisinthane. Dzuwa linali mbali inayo. Anadzuka osandiyang'ana, tinapanikizana pakati pa mipando, ndipo ndinakhala kuwindo. Ndinawagulira tiyi wa m'kapu ya pepala, koma manja awo ankanjenjemera kwambiri moti theka linathera pa thalauza.

Tsidya la kanjira kunakhala bambo wina wonenepa, wogula nsawawa m'midzi n'kukagulitsa ku Lusaka, amene anadzitchula yekha kwa basi yonse kuti ndi a Sakala. Anali ndi botolo la juwisi limene munalibe juwisi. Akalitsegula, fungo linkafika mpaka kwa ife, ndipo ndinkaona khosi la apongozi likumeza mate. Ndawathawitsa kuwindo, n'kuwaika pafupi ndi a Sakala. Ndinadzitukwana chamumtima kuyambira pa Petauke mpaka pa Nyimba.

Titadutsa Nyimba, m'mapiri a Kacholola, basi inayamba kulira mwachilendo pachitunda. Kenako kutsogolo kunatuluka nthunzi, dalaivala n'kuimika m'mbali mwa msewu. Paipi ya madzi inali itang'ambika. Iye ndi kondakitala anadula mphira wa chubu n'kumanga, anathiramo madzi onse amene anapempha kwa okwera, basi inayenda pang'ono chabe n'kuphulikanso. Pamenepo tinalibe basi, tinalibenso madzi. Foni inkagwira pamwamba pa chulu chimodzi chokha, ndipo dalaivala anakwera pamenepo kukaitanitsa paipi ina kuchokera ku Nyimba. Anatsika n'kunena kuti ikubwera tsopano apa. Ife a kuno timadziwa kuti tsopano apa wa dalaivala amatha kufika mawa.

Tinakhala maola anayi ndi theka. Amene anadutsako m'mapiri amenewo mu Okutobala akudziwa kutentha kwake. Mitengo inali itayoyola masamba, mthunzi unali wa basi yokha, ndipo anthu tinkasuntha nawo pamene dzuwa linkapendeka. Ana ankalira mpaka mawu kuuma. Amayi ena a m'mudzi wapafupi anabwera ndi nthochi ndi chidebe cha madzi ofiira, ndipo tinamwa osafunsa kumene anatunga. Apongozi anakhala pamwala, thukuta lili chuchuchu, manja akugwedezeka pamawondo.

A Sakala anawaona. Anabwera mwaulemu ndithu, n'kugwada pang'ono, botolo lili m'manja awiri. Anati madala akunjenjemera, ndipo matenda amenewo iye amawadziwa, mankhwala ake ndi omwewo, akangolawa pang'ono manja akhazikika. Ndinayankha msanga kuti akumwa mankhwala a kuchipatala. A Sakala anaseka, nati a kuchipatala amachedwa. Dzanja la apongozi linali litanyamuka kale, lafika pakati. Linakhala m'malere kanthawi, kenako linabwerera pabondo. Ndinamuuza bamboyo mawu amene sindingawabwereze pano, ndipo mayi wina anandidzudzula kuti munthu wopatsa satukwanidwa.

Patapita kanthawi apongozi ananyamuka kulowera kutchire. Sipanathe mphindi, a Sakala nawo analowera mbali yomweyo akumasula lamba. Mwina kunali kungochitika, sindikudziwa mpaka lero. Ndinaimirira n'kutsatira. Kwathu mkamwini sadziwa n'komwe kuti apongozi amapita kuthengo, koma ine ndinayenda pambuyo pawo mpaka anaima kuseri kwa mtengo, ndipo ndinaima mapazi ochepa, nditawafulatira, makutu ali tcheru.

"A Mbewe," anatero chapansipansi, "mwafika mpaka kuno?"

"Ndafika, atate."

Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire, ndipo ndinawada apongozi chifukwa chondifikitsa pamenepo, ndinadananso ndi alamu anga a ku Chipata ndi mafoni awo odwala.

Paipi inafika pa njinga yamoto dzuwa litapendeka. Pa mlatho wa Luangwa anthu anatsika kukagula nsomba zouma, ife tinatsala m'basi. Rufunsa ndi Chongwe ndinangomva maina. Tinalowa mu Lusaka kutada, basi za ku Kabwe zitatha kale, ndipo tinakagona kwa msuweni wanga ku Mtendere, ine nditayala mphasa yopingasa pakhomo.

Loweruka linali tsiku lakhumi ndi chiwiri. Tinalawirira ku siteshoni n'kupeza minibasi ya ku Kabwe itatsala anthu atatu kuti idzaze. Ndinathokoza Mulungu msanga. Titalipira, anthu asanu amene tinawapeza atakhala anatsika mmodzimmodzi, n'kukakhala m'minibasi ina yopanda anthu. Anali a ganyu yokhala pampando kuti galimoto izioneka yodzaza. Tinadikira maola awiri ndi theka, injini ikulira kutinamiza, ndipo nthawi iliyonse ndikafunsa ankandiuza kuti tatsala pang'ono. Tinanyamuka teni itadutsa.

Msewu wa ku Kabwe si wautali, koma ndi wa malole. Cha ku Chisamba tinkayenda pambuyo pa thanki ya mafuta ngati tikuperekeza maliro. Tisanafike pa Chibombo tinapeza lole itagwa chammbali, matumba a chimanga atamwazika mumsewu, magalimoto akudutsa mbali imodzi mosinthana. Tili pamzere umenewo mayi Tembo anaimba. Anati kwagwa maliro ku Kapiri, anyamuka m'mawa, makiyi asiya kwa oyandikana nawo, ife tingopita kumsonkhanoko tokha tisachedwe. Kumbuyo kwawo kunkamveka nyimbo ya maliro, ndipo minibasi yathu inali ndi wailesi yake. Ndinamva kuti tikafunse Fabiano. Dzina la malo linamira m'nyimbo. Nditaimbanso, foni inali yotseka, mwambo utayamba.

Tinatsika mu Kabwe satini, 1 koloko masana, itadutsa. Apongozi anaima pa siteshoni akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wofuna nyumba imene inagwetsedwa. Ndinapita kwa bambo wina woitanira minibasi, iwo ali pambali panga penipeni. Funso linali losavuta. Ndinayenera kunena kuti tikufuna kumene zimakumana zidakwa zimene zikusiya mowa. Koma mawu oti chidakwa, apongozi ali chiimire pomwepo, pakamwa panga panakana. Ndinazungulira monga tinaleredwera. Ndinati tikufuna kumene amakumana akuluakulu aja a vuto la ludzu, Loweruka masana, kumene kuli Fabiano.

Bamboyo anayang'ana apongozi, anayang'ana manja awo, n'kuseka. Analankhula Chibemba kwa mnzake, onse awiri n'kusekanso. Ine Chibemba sindimva. Apongozi anayang'ana pansi.

"Fabiano siniziba," anatero bamboyo, "koma ba mudala ba chilaka, ba ludzu, bakumana ku Kasanda, pa ba mayo ba Mwansa. Muzaona chabe mabenchi pansi pa mango. Aliyense azakulangizani."

Ndinamuthokoza kawiri.

Minibasi inatitsitsa pamphambano, kotsalako tinayenda pansi. Kasanda ndi fumbi lotuwa, nyumba zakale za mgodi, ndi chiphiri chakuda cha zotsalira za mgodi chimene chimaonekera pamwamba pa madenga. Apongozi, amene kwa masiku awiri ankakoka miyendo, anayamba kunditsogolera. Kwa nthawi yoyamba paulendo wonse analankhula osafunsidwa. Anandionetsa nyumba imene anabadwira, bwalo limene ankasewera mpira, nati fumbi limenelo lili ndi mtovu koma iwo ali ana ankagubuduka momwemo. Sanafunse njira kwa munthu aliyense. Mtima wanga unapepuka. Ndinaganiza kuti mpweya wa kwawo wawapatsa mphamvu, ndipo ndinayamba kukonza mawu okamuuza Ireen.

Mango tinaupeza, mabenchi tinawapeza. Panali amuna asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, ambiri achikulire, atakhala mozungulira, akulankhula motsitsa mawu. Panalibe nyimbo, panalibe botolo poonekera. Wina anavala jekete. Kwa ine zinaoneka ngati msonkhano ndithu. Mkulu wina wopanda mano akutsogolo anayang'anitsitsa apongozi, n'kuimirira akuwatchula kuti mwana wa kapitao Banda. Anakumbatirana, anawakhazika pabenchi. Ine ndinafunsa mwini malo, anandilozera kuseri kwa nyumba, ndipo ndinawasiya apongozi pakati pa anthu amene ndinkati ndi owathandiza.

Kuseriko ndinapeza mgolo uli pamoto, paipi ikudutsa m'chikho cha madzi, ndi botolo likulandira madontho. Fungo lake ndi lomwelo la kuseri kwa nyumba za kumudzi kwathu. Mayi wina anali atakhala pampando akusonkhezera nkhuni. Komabe pakamwa panafunsa za Fabiano.

"Fabiano?" anatero mayiyo osakwiya. "Uja anali kasitoma wanga namba wani. Ananitaya. Manje bakumana ku Chililalila, mu kalasi kumbuyo kwa chalichi ya Katolika. Banitengela bantu batatu kale."

Ndinathamanga. Sindikhulupirira kuti ndinachokapo mphindi zitatu. Makapu amene anali pansi pa mabenchi anali atatuluka. Apongozi anali ndi imodzi m'manja, yopanda kanthu, ndipo mnzawo wopanda mano uja ankawathirira yachiwiri. Manja awo anali atakhazikika.

Ndinaimenya kapuyo n'kugwera m'fumbi. Kenako ndinachita chimene sindinachitepo: ndinawagwira apongozi pamkono n'kuwadzutsa. Mkonowo unali mafupa okhaokha. Amuna aja anayamba kudandaula, wina akufunsa kuti mkamwini wamtundu wanji ameneyu, wina akuti munthu wabwera kwawo patapita zaka sangakanizidwe moni.

"Atate," ndinatero, "zaka zonsezi ndakhala ndikukupatukirani njira. Lero muyenda kumene ndikufuna ine."

Sanalimbane nane. Tinatuluka pabwalopo ndikuwakoka, mpaka kumsewu kumene ndinaimitsa takisi. Tinakwera n'kulunjika ku Chililalila. Ndinkangoona mapiri a Kacholola, tchire lija, mphasa ya pakhomo, zonse zitapita pachabe chifukwa cha mawu amodzi amene ndinachita nawo manyazi. Ndinawafikitsa ndekha pabenchi, ndinawakhazika ndekha, ndinathokoza kawiri amene anandilozera. Misozi inkatsika ndipo sindinaipukute.

Ku Chililalila tinafika fifitini, 3 koloko, ili pafupi. Kuseri kwa tchalitchi kunali kalasi ya ana, chitseko chili chotseka pang'ono, mkati mukumveka mawu a munthu mmodzi. Nditagogoda kunatuluka bambo woonda wa ndevu zaimvi, malaya atapisira bwino. Anati ndi Fabiano, mayi Tembo anamuuza za ife. Ndinamukokera pambali n'kumuuza zonse, mosazungulira tsopano: awa ndi apongozi anga, ndi chidakwa, anali ndi masiku khumi ndi awiri, amwa ola lomwe lino. Ndinafunsa ngati tibwerenso Loweruka linalo atauma.

"Wamene wamwa lelo ndiye tifuna," anatero. "Ngati anakwanisa kusiya eka, sembe simunabwele."

Ndinafuna kumuthokoza moyenera, choncho ndinafunsa mfunda wake. Anapukusa mutu, nati pano ndi Fabiano chabe, a Phiri ndi a Banda amawasiya panja. Anawonjeza kuti achibale nawonso amatsala panja, mkati mumalowa okhawo amene ali ndi vutolo. Anatsegula chitseko n'kuima pambali. Sanawagwire apongozi, sanawakakamize. Apongozi anaima pakhomopo nthawi yaitali, akununkha kachasu, akuyang'ana timipando ta ana timene anthu akuluakulu anakhalapo mozungulira. Ndinali nditatsimikiza kuti atembenuka. Analowa.

Ndinakhala pakhonde pansi pa windo. Magalasi ake awiri anali osweka, ndipo ndinkamva zonse ngakhale sindinafune. Anali anthu ngati khumi, amayi awiri ali momwemo. Chifukwa cha mlendo anayambiranso kudzitchula. Aliyense ankanena dzina lake loyamba, n'kunena kuti ndi chakolwa, monga a ku Kabwe amatchulira chidakwa, ndipo onse ankamuyankha pomutchula dzina lomwelo. Wina ankalankhula Chibemba, wina Chinyanja, wina kusakaniza. Mzere unazungulira mpaka unafika pa apongozi, n'kuima.

Palibe anawafulumizitsa. Kenako ndinamva mawu awo akutchula dzina. Linali dzina lawo la ubatizo. Zaka zonse za ukwati wanga sindinalimvepo pakamwa pa munthu. Ireen amati atate, malemu apongozi aakazi ankati atate ake a Ireen, mudzi wonse umati a Banda. Chipinda chonse chinawabwezera dzinalo, opanda a, opanda ba, ndipo pakati pa mawuwo panali a mtsikana wamng'ono kwa mkazi wanga. Magazi anandithamanga, ndinaimirira kuti ndikalowe. Kenako ndinakhalanso pansi. Dzinalo sindilemba pano.

"Ndine chakolwa," anapitiriza. "Ndinali ndi masiku khumi ndi awiri. Ndawamwa ku Kasanda masana ano. Mkamwini wanga ali panjapo akuganiza kuti analakwitsa njira. Iye Chibemba samva. Ine ndinamva zimene ananena pa siteshoni, ndipo nyumba ija ndimaidziwa kuyambira ndili mnyamata. Ndinangokhala chete."

Palibe anawadzudzula. Ndinamva mpando ukukokedwa, wina akuwathirira madzi m'kapu, Fabiano akunena kuti mawa likhala tsiku loyamba, ndipo aliyense m'chipindamo analiwerengapo kangapo. Ine panjapo sindinadziwe ngati ndakhululukidwa kapena ndapusitsidwa. Ndinakwiya, ndipo ndinawamvera chisoni, zonse pamodzi.

Foni inalira m'thumba. Anali Ireen. Ndinachoka pawindo n'kukaima pafupi ndi mpanda wa tchalitchi. Kumbuyo kwake mwana ankalira. Sanandipatse moni.

"Mwafika?"

"Tafika. Ali mkati."

"Afika osamwa?"

Ndinayang'ana chitseko cha kalasi. Chinali chotseka, ndipo palibe anatuluka.

"Alowa okha," ndinatero. "Palibe anawakankha."

Ireen ndi mwana wa chidakwa, amadziwa kumva yankho limene munthu sanapereke.

"Musachoke pakhomopo," anatero, "mpaka atuluke."